Tinakapulintitsa kabuku ka anzathu a ku koleji pa shopu ina m'tauni ya Mzuzu, mmene zinayendera ndi umu

Amene mukufuna kupangitsa kabuku ka mkumano wa anzanu a kusukulu, ka jubili ya mpingo kaya pulogalamu ya ukwati kuno ku Mzuzu, ndati ndikuuzeniko za shopu ina yopulinta yomwe ife tinagwiritsa ntchito, ili m'tauni momwemu chapafupi ndi msika waukulu. Dzina ndisunga chifukwa ndikamba zabwino ndi zoipa zomwe, komanso Mzuzu ndi wamng'ono, mawa tikumana pa maliro. Mwachidule anthu aja pa zithunzi ndi pepala ndi akatswiri, koma pa mawu musawasiye okha ngakhale mphindi imodzi.

Ifeyo ndi kagulu ka amene tinaphunzira ku University of Livingstonia, ija Sinodi ya Livingstonia ya CCAP inatsegula mu 2003. Ambiri tinali a zauphunzitsi ku Khondowe kuphiri kuja, ena anali ku Ekwendeni, koma chinatilumikiza ndi mapemphero a CCAPSO, bungwe la ophunzira a mpingo wa CCAP, nde gulupu yathu ya pa WhatsApp ili ndi aphunzitsi, abusa, ogwira m'mabungwe, a bizinesi, ndi ena oti mpaka pano akusakabe. Titagwirizana zokumana, komiti inati pakhale kabuku koti aliyense akhale ndi theka la peji, chithunzi chake, ali kuti, akugwira chani, anakwatira liti, ana angati, anadzozedwa liti ubusa kwa amene ali mu utumiki, ndi peji yapadera ya anzathu amene anatisiya. Kutsogolo tinaikako mbiri pang'ono ya mishoni ya Livingstonia, zija za 1875 ku Cape Maclear, 1881 ku Bandawe ndi 1894 pamene mmishonale Robert Laws anakakhazikika ku Khondowe. Ine ndine mlembi wa komiti nde mtolo wonse unagwera ine.

Ndiyambe ndi chomwe chinandisangalatsa. Pali achemwali ena amene amakhala pa kompyuta, ndi amene amapanga dizaini, munthu woleza mtima ngati ameneuja sindinamuonepo m'mashopu otere. Zithunzi zomwe anthu anatumiza zinali zomvetsa chisoni abale, wina watumiza sikirinishoti ya pulofayilo yake, wina chithunzi cha pa ukwati chodulidwa mkazi wake n'kutsala phewa lokha, abusa ena anajambulidwa dzuwa lili kumsana nkhope yonse bii kukuoneka kolala yokha. Achemwaliwo sanandinyoze, anangondifotokozera kuti WhatsApp imafinya chithunzi ukachitumiza mwachizolowezi, pa foni chimaoneka bwino koma pa pepala chimatuluka madontho okhaokha, nde uzani anthu anu atumizenso ngati document. Ndinalemba mu gulupu, ambiri anatumizanso ndipo kusiyana kwake kunali koonekeratu. Zithunzi zakale za pepala, zija tinkajambulitsa kutsogolo kwa tchalitchi cha ku Khondowe titavala ma jekete a pa kaunjika chifukwa cha mphepo, anaziskana bwinobwino n'kuchotsa timizere ndi madontho a chinyezi. Pamenepo ndiwapatsa ulemu wawo.

Pepala anatilangizanso bwino. Ife timafuna zonse zonyezimira koma iwo anati kava yokha ikhale ya gulosi yokhuthala, mkati muike pepala wamba la 80gsm, saizi ya A5, mtengo utsika komanso anthu atha kulembamo ma nambala a foni ndi bolopeni osafufutika. Anatiuzanso chinthu choti ine sindinkachiganizira, kuti kabuku kosokedwa ndi sitepula pakati mapeji ake amayenda anayianayi chifukwa pepala limodzi likapindidwa limatulutsa mapeji 4, nde ukapitirira ndi peji imodzi yokha ulipira pepala lonse. Tinadula malonje a tcheyamani omwe anali ataliatali ngati ulaliki wa pa Pasaka, zinakwana.

Tsopano pa kasanjidwe ka anthu ndi pomwe tinayamba kusiyana maganizo. Iwo ali ndi dizaini yawo yokonzeratu yomwe amagwiritsa ntchito pa timabuku ta mabungwe, ndipo osafunsa anangosanja anthu motsata maudindo, a Dr. poyamba ndi zithunzi zikuluzikulu, kenako a Rev., kenako a masters, ena tonse kumapeto tizithunzi tating'ono. Sindikuti anachita mwankhanza ayi, ndi mmene makasitomala ambiri amafunira, bwana wa shopuyo anachita kunena kuti "adada, anthu amakonda choncho, akuluakulu patsogolo." Koma kwa ife zimenezo zikanaononga cholinga chonse. Mu gulu lathu muli mnzathu amene wakhala akutumikira mpingo wa kumudzi cha ku Nthalire, kuyenda pa njinga yamoto kukafika ku ma prayer house nthawi ya mvula, alibe digiri yachiwiri ndipo mwina sadzakhala nayo. Muli mayi wina anasiya kuphunzitsa kuti asamale mwana wodwala. Muli wina ali ndi kabenchi ka nsalu ku msika wa Taifa ndipo ndi amene anasonkha ndalama zambiri kuposa a ma ofesi. Nde anthu amenewa uwaike kumapeto ndi kachithunzi konga ka pa chitupa? Tinakana, tinati aliyense malo ofanana, motsata alifabeti basi. Anasintha koma monyinyirika pang'ono poti inali ntchito yobwereza.

China chomwe chinandiwawa, pomwe munthu walemba zochepa n'kutsala malo, iwo amadzazapo tizithunzi ta pa intaneti, mphete ziwiri, nkhunda, kabanja kogwirana manja. Mphete zija zinakagwera pa peji ya mtsikana mnzathu amene sanakwatiwe, ndipo amene munakulira mu mpingo mukudziwa mmene nkhani imeneyi imapwetekera, mafunso a azimayi a Umanyano, gulu la amayi a mu mpingo, okha amamukwana kale. Mwamwayi ndinaziona zisanatuluke. Ndinawauza kuti malo akatsala asiyeni oyera, kapena ikani vesi yomwe mwini wake wasankha. Ili ndi phunziro kwa aliyense wopangitsa kabuku ka mbiri za anthu, wopanga dizaini sawadziwa anthu anu, iye akuona mpata woti adzaze basi.

Koma vuto lenileni la shopu imeneyi ndi mawu. Anzathu ena anatumiza nkhani zawo zolemba pamanja n'kujambula, ena ma voice note, nde panafunika kutaipa, ndipo ntchito imeneyo anapatsa kamnyamata kena kamene kamathamanga zedi pa kiyibodi koma sikawerenganso zomwe kalemba. 1894 inasanduka 1984, kutanthauza kuti Laws anafika ku Khondowe nthawi ya Kamuzu. A Nyirenda ena anasanduka a Nyirongo, a Mhango anataya h wawo, ma ŵ onse m'mayina ndi m'mavesi a Chitumbuka anatuluka timabokosi chifukwa font yomwe anasankha ilibe chilembo chimenecho. Mkulu wa mpingo wina anapatsidwa Rev. pomwe sanadzozedwe, ndipo abusa enieni ena chaka chomwe anamaliza maphunziro a zaubusa chinaikidwa ngati chaka chodzozedwa, zomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana, munthu amayamba watumikira kaye asanadzozedwe ndipo eni ake amazitenga mozama. Zonsezi tinazigwira pa pulufu, kope yoonerapo zolakwika asanapulinte zonse.

Nkhani ya pulufu nayo muimvetse. Iwo amangokutembenuzira sikirini kuti onani bwana zili bwino eti, kumbuyo kwako kuli layini ya anthu ofuna fotokope ya ma setifiketi, phokoso, wina akukugunda ndi chigongono, nde mmaso mumangodutsa. Ine ndinaumirira kuti andipulintire kope imodzi ya bulaki ndi waiti ndipite nayo kunyumba ku Chibavi, ndipo peji ya munthu aliyense ndinaijambula n'kumutumizira mwini wake kuti avomereze yekha. Anandilipiritsa kope imeneyo padera, zomwe ndikuona kuti sizoona pa ntchito yaikulu chonchi, koma ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi manyazi omwe ikupulumutsa.

Ngakhale tinachita zonsezo, cholakwika chimodzi chachikulu chinadutsabe, ndipo chinachokera kwa iwo. Titavomereza kale zonse, anasuntha zinthu pa peji ina kuti chithunzi chikwane, nde mawu oti "malemu" omwe anali pa dzina la amuna a mnzathu wina, bambo amene anamwalira, anakakhala pa dzina la mayiyo, mwini wake wamoyo, amene amabwera ku mkumano komweko ndi ana ake. Ndinaziona usiku ndikuwerenga makope atafika kale kunyumba, thupi lonse linazizira. M'mawa ndinalawirira ku shopu. Poyamba bwana uja anafuna kukana, amvekere munasayina nokha, koma nditatulutsa pulufu yanga ya pepala yomwe inali yolondola anangoti pepani adada, apa talakwa ndife. Ndipo apa ndiwayamikire, sanandizungulitse. Poti kabuku ndi ka sitepula, anamasula makope onse, anapulintanso pepala limodzi lokhalo la mapeji anayi, n'kusokanso, osandilipiritsa kanthu, achemwali aja mpaka anadumpha nkhomaliro. Mashopu ena akanakupatsa ka sitika koti umate pamwamba.

Za nthawi, musadalire mawu oti "mawa zikhala zatheka." Magetsi a ESCOM akazima ali ndi kajenereta koma kamangokwanitsa makompyuta ndi kamakina ka fotokope, chimakina chachikulu cha kala chimadikira magetsi abwere. Komanso nyengo ya ma graduation ndi miyezi ya maukwati amadzaza kwambiri, aliyense akufuna makadi ndi mapulogalamu Lachisanu. Tsiku lomwe anatilonjeza silinakwaniritsidwe, chinatipulumutsa n'choti ndinawauza deti yabodza, ya sabata imodzi mkumano weniweni usanafike. Chitani chimodzimodzi, musachite manyazi.

Mtengo sindinganene kuti ndi wotchipa koma sunasiyane kwenikweni ndi ma kotesheni ena awiri omwe msungichuma wathu anatenga m'tauni momwemu. Chomwe muyenera kudziwa n'choti kotesheni yawo sikhalitsa, amanena okha kuti tona, inki ya makina opulintira, ndi mapepala zimachokera kunja ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo imangosinthasintha, nde mukachedwa kusonkherana mupeza yakwera. Ife zinatichitikira, anthu a mu gulupu kulonjeza ndi achangu koma kutumiza mpaka uwatchule mayina. Amafuna theka ngati dipoziti asanayambe, amalandira Airtel Money ndi Mpamba, koma lisiti muchite kuipempha, ndipo onetsetsani kuti alembapo chiwerengero cha makope, saizi, mtundu wa pepala ndi tsiku lotenga. Makope muwawerenge pompo musananyamule katoni, athu anapelewera pang'ono ndipo anawonjezera pomwepo popanda mkangano.

Malo ake ndi opanikiza, mipando ndi iwiri yokha, poimika galimoto palibe, nde ngati mukupita ndi abusa kapena munthu wachikulire kuti akaone pulufu pitani m'mawa kwambiri asanadzaze. Kalankhulidwe ndi kaulemu ndithu, Chitumbuka, Chichewa, chizungu, chomwe wayamba nacho amakuyankha chomwecho.

Kabuku katatuluka anthu anakakonda, makamaka peji ya anzathu amene anatisiya, achemwali aja anaipanga modekha, popanda maluwa ambirimbiri, zithunzi ndi zaka basi, ndipo mkazi wa mmodzi wa iwo anapempha makope owonjezera oti asungire ana. Ndingabwerereko? Eya, koma ndi mawu otaipa kale ndekha, owerengedwa ndi anthu awiri, iwo angoika zithunzi ndi kupulinta. Kwa anzathu amene ali ku Johannesburg, ku Lilongwe ndi kwina amene sanabwere, tinapempha PDF yopepuka yoti idutse pa WhatsApp osadya bandulo yambiri ndipo anatipangira ulere. Mupemphenso fayilo yeniyeni ya dizaini pa fulashi yanu tsiku lomwelo, chifukwa anandiuza okha kuti kompyuta ikadzaza amafufuta ntchito zakale, ndipo ife tikufuna tizidzangowonjezera ana obadwa ndi ma transifa a abusa tikamadzakumananso.