Esipilikasau ya kuseri kwa msika ku Ulongwe, yathandiza koma si ya mwana aliyense

Anthu angapo akhala akundifunsa za kumene mlongo wanga amapita madzulo ndi chikwama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi kuti amene muli ndi mwana wa 12ª classe muganize nokha. Ndi esipilikasau, maphunziro apadera olipira ana akaweruka kusukulu, ya bambo wina wachikulire amene anaphunzitsa Matemática zaka zambiri asanapume ntchito, amapangira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo, mukadutsa pamene amagulitsa mbatatesi paja n'kutsikira kumunsi. Dzina sinditchula, a ku Ulongwe ambiri mukuwadziwa. Ife timalipira 500 meticais pa mwezi, amalandira pamanja kapena pa e-Mola, ndipo ngongole sapereka olo muwanyengerere bwanji.

Vuto la mnyamata wathuyu silinali mutu, mutu uli bwinobwino, vuto linali "mana, ndiyamba mawa". Akati awerenge amayamba wasesa kaye chipinda, kenako kukuta makope, kenako kujambula horário yokongola ya mapeni amitundumitundu n'kumata pakhoma, pofika nthawi yotsegula buku wati mutu ukupweteka ndipumeko pang'ono, wagwira foni, basi mamega a usiku aja apita onse pa Facebook ndi zigoli za mpira. Mawa lake kuli teste ndiye muzamuone, kuwerenga mpaka tambala kulira maso ali psuu, n'kubwera ndi 8. Pauta, ndandanda ya manota, ya trimestre yoyamba itatuluka Química inali 7, Matemática 9, ndipo mukudziwa kuti kuno manota amathera pa 20 ndipo chilichonse chosafika 10 ndi negativa. Mayi anangoti zengerezu analinda kwawukwawu, n'kundiuza kuti ndimupezere pokhala.

Tsono chimene muyenera kumvetsa musanapereke ndalama yanu n'chakuti aphunzitsiwa saima pa bolodi maola awiri kubwereza zimene mwana wamva kale kusukulu. Makolo ena amakhumudwa nazo, amati talipira kuti aziphunzitsa osati kulondera. Koma kulonderako ndi kumene ine ndikukuona kuti n'kofunika ndalama. Chitseko chimatsekedwa 17 koloko ndendende, wochedwa abwerere. Pakhomo pali chitini cha mabisiketi, aliyense amathimitsa foni n'kuponyamo, chitinicho chimakakhala kuchipinda kwa mayi a pakhomopo mpaka poweruka. Kenako mwana aliyense amapatsidwa kapepala kakang'ono kuti alembe chinthu chimodzi chimene amalize lero. Ukalemba "Química" amakang'amba pamaso pako, amati Química ndi chaka chathunthu, iwe lemba kuti exercício 1 mpaka 5 pa tsamba lakuti. Mlongo wanga ankadandaula kuti zimenezi n'zachibwana, koma ndinaona kuti apa m'pamene panali matenda ake, ankaopa buku chifukwa ankaliona lonse nthawi imodzi, likamuopsa amathawira ku tsache kapena ku foni. Mafunso asanu okha saopsa munthu.

Pa tebulo lawo pamakhala wotchi yakale ya belu. Amaitchera mphindi 25, nthawi imeneyo palibe kuyankhula, palibe kubwereka rabala, palibe kukataya madzi, ikalira mupume mphindi 5 panja, kenako mubwerere. Njira imeneyi si yawo, ndi ija imatchedwa Pomodoro, anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali pa yunivesite, pogwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini. Pa foni mapulogalamu ake alipo ambirimbiri, ena aulere, koma kumupatsa mwana ngati wathuyu pulogalamu ya pa foni kuti imuletse foni kuli ngati kusungitsa nyama kwa fisi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi gawo lomaliza. Amatseketsa makope onse, aliyense alembe pa pepala loyera zimene watsala nazo m'mutu, kenako amufotokozere mnzake wa pambali m'Chichewa. Ana athu amaphunzira zonse m'Chipwitikizi koma kunyumba, kumunda, kumsika ndi Chichewa chokhachokha, ndiye ambiri amangoloweza definição yonse ngati nyimbo osadziwa kuti akunena chani. Tsiku lina ndinapita kukamutenga ndinapeza kamtsikana kena katayima kakuyesa kufotokoza za ácido ndi base, kanayamba bwino m'Chipwitikizi liwiro lake, aphunzitsi n'kuti "ayi mwanawe, uwauze agogo ako", kanangoti kakasi, kenako pang'onopang'ono kanayamba za mandimu ndi phulusa la chidulo, anzake onse kugwedeza mitu. Loweruka sayamba zatsopano, amabwereza za Lolemba ndi Lachiwiri osayang'ana m'kope, ndipo kuyambira trimestre yachiwiri amatulutsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ali nawo mulu m'katoni, ena ofiira ndi fumbi.

Zoipa zake ziliponso, sindibisa. Chipinda n'chaching'ono ana ndi ambiri, benchi ya anthu atatu pamakhala asanu, ndipo zenera lina lilibe galasi, kuzizira kwa Angónia mu Juni ndi Julayi mukukudziwa, si kutentha kwa ku Tete mu cidade kuja, ana amalemba zala zitauma. Magetsi akathima palibe nyali ya solar olo imodzi, amayatsa makandulo awiri, mafoni a tochi ali m'chitini muja, zomwe ine ndikuona kuti pa ndalama timaperekayi akanatha kugula. Amaweruka kutada, kwa atsikana ochokera kutali n'zovuta ngati palibe wokawatenga. Komanso mdalayo pakamwa n'powawa, mwana akabwera osamaliza TPC, ntchito yokalembera kunyumba ija, amamunena pamaso pa anzake, wathu zimamuyendera chifukwa ndi wamanyazi abwino, koma mwana wina wa neba anasiya sabata yachiwiri akuti sangapite kokanyozedwa.

Chinanso, iwo ndi a manambala. Matemática, Física ndi Química ukakakamira amakhala nawe pansi mpaka zilowe, koma Português ndi Biologia amangokuyang'anira kuti ukuwerenga, ukafunsa amati funso limenelo ukawapatse aphunzitsi ako mawa. Ndiye ngati mwana wanu anasochera kalekale, mwina kuyambira 8ª sanamvetse ma fração, malo ano samukwanira, akufunika munthu womuyambira pansi payekha. Kuno n'kwa mwana amene amamva koma sakhala pansi.

Kwa ife pauta ya trimestre yachiwiri yabwera Química 11, Matemática 12, Português ili pompaja pa 10 sinasunthe. Si zodabwitsa zoti tiphe nkhuku, komabe negativa zachoka. Kunyumba Lamlungu foni imamugwirabe, sindinama, kungoti tsopano amatha kubwera yekha n'kuti "mana, ndisungireni mpaka nsima ipse", zomwe kale zikanakhala nkhondo. Akufuna akalembe mayeso olowera ku yunivesite ya UniZambeze, faculdade ya zaulimi ili konkuno ku Ulongwe, sangafunike ndalama ya chapa kapena lendi ku Beira, koma asanafike kumeneko pali mayeso a boma kumapeto kwa chaka, ndiye tipitiriza kulipira mpaka nthawi imeneyo.

Mukafuna malo pitani nokha ndi mwanayo, pa foni sayankha nthawi ya maphunziro, ndipo musadikire Okutobala chifukwa nthawi imeneyo makolo onse amathamangira komweko ndipo iwo amabweza anthu. Mwana atenge juzi, ndi katochi kake kapadera kosakhala ka pa foni.