Raynox DCR-250: kagalasi kabwino pojambula njuchi, bola mukhale ndi fulashi

Ngati muli kale ndi kamera ndi lenzi yokoka zakutali, monga 55-200mm kapena 70-300mm, ndipo mukulakalaka kujambula tizilombo pafupi osagula lenzi ya makro (lenzi yapadera yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi), kagalasi aka kokulitsa zinthu kakukwanirani. Ndakagwiritsa ntchito nyengo yonse ya maluwa, makamaka pa njuchi ndi ntchentche, ndipo m'chikwama changa sikachokamo.

Kamamatidwa kutsogolo kwa lenzi imene muli nayo. Kali ndi chopanira chimene chimagwira lenzi ya kukamwa kwa 52mm mpaka 67mm: mumafinya mbali ziwiri, n'kulowetsa, n'kusiya, basi. Gulugufe akatera patali mumangokachotsa ndi dzanja limodzi. Mphamvu yake ndi +8 diopter (muyeso wa mphamvu ya galasi), ndiye kuti kamera imaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita pafupifupi 12 kuchokera pagalasi, ndipo zonse za kuseri kwake zimangooneka mbuu. Kuti mudziwe mmene kachilombo kadzakulire, gawani mamilimita amene lenzi yanu yakokera (osati a kukamwa kwake aja) ndi 125. Pa 125mm kamagwera pa sensa, kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi, mu msinkhu wake weniweni, pa 200mm kamakula ka 1.6. Pa kamera yanga ya sensa yocheperako yotchedwa APS-C, ndikafika pa 200mm chithunzi chonse chimangotenga mamilimita pafupifupi 15, ndiye njuchi imodzi yadzaza kale.

Pa nkhani yoonetsa zinthu bwino, kagalasika sindikapezera chifukwa. Chithunzi chikalondola, mumaona zimene maso paokha sangakuonetseni. Njuchi ili ndi ubweya ngakhale pa maso ake aakulu awiriwo, ndipo timbewu ta mungu timakodwa mu ubweyawo kamodzikamodzi, moti mutha kutiwerenga. Pamwamba pa mutu pali timaso tina titatu tonyezimira. Ku miyendo yakumbuyo kuli timitanda ta mungu, tina tachikasu, tina tofiirira, malinga ndi duwa limene yachokako. Kagalasi komweka n'kamene kanandizoloweretsa kusiyanitsa njuchi ndi ntchentche zija zovala mizere ya njuchi zimene zimaima malo amodzi m'malere: ntchentchezo zili ndi mapiko awiri okha ndi tinyanga tatifupi, pamene njuchi ili ndi mapiko anayi. Ndimakondanso kuti sikadya kuwala ngati mmene amachitira machubu oika pakati pa kamera ndi lenzi.

Komatu musayembekezere zithunzi zoterozo tsiku loyamba. Pa kukula kotereku, malo ooneka bwino safika ndi milimita imodzi yomwe, ngakhale mutachepetsa kabowo kolowera kuwala m'lenzi mpaka pa f/16. Diso likalondola, mapiko asowa. Mukangopuma pang'ono, diso lomwelo lathawa. Ili si vuto la kagalasi aka kokha, ndi mmene zimakhalira ndi chilichonse chojambulira pafupi chonchi. Ine ndimazimitsa otofokasi, imene imachititsa kamera kulondola yokha, n'kumasendeza thupi lonse kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono, n'kudina pamene diso lawala. Phesi la duwa ndimaligwira ndi dzanja lamanzere, lenzi n'kuitsamiritsa padzanja lomwelo, kuti mphepo ikagwedeza duwa igwedeze ndi kamera yomwe. Ngakhale zili choncho, zofufuta zimachuluka kuposa zosunga.

Fulashi ndiyo sindingakunyengereni, muifuna. Pa f/11 kapena f/16 kuwala kumachepa, ndipo njuchi imakupiza mapiko maulendo oposa 200 pa sekondi imodzi, siidikira munthu. Ndimaika shata (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) pa 1/200 ya sekondi, ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) pa 200, kotsalako fulashi imamaliza. Koma fulashi yosaphimba imawalitsa msana wa kachilombo ngati chitini, choncho iphimbeni ndi chinthu choyera chopyapyala chofewetsa kuwala. Chogula chimagwira, chodzipangira ndi pepala chimagwiranso. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kukadazizira, tizilombo tisanatenthedwe, pamene njuchi zina zokhala pazokha mumazipeza zitaluma phesi ndi nsagwada zili m'tulo. Pamenepo mutha kujambula modekha, mbali iyi ndi iyo. Dzuwa likakwera, ntchito yake ndi yosankha duwa limodzi n'kulidikirira, osati kuthamangitsana nazo.

Ambiri amandifunsa za mbola, poti masentimita 12 ndi pafupi zedi. Njuchi imene ili kalikiliki paduwa siimulabadira munthu, bola osaiphimba ndi mthunzi mwadzidzidzi kapena kuipanikiza. Pakhomo pa mng'oma ndi nkhani ina, kumeneko musapite ndi kagalasi aka, ndipo amene thupi lawo limadana kwambiri ndi mbola asayerekeze n'komwe.

Musanagule, yang'anani lenzi yanu. Galasi la DCR-250 ndi laling'ono, mazinga ake akumbuyo ndi a 43mm, choncho pa lenzi yotambasuka, monga 18-55mm ili pa 18mm, m'makona mumada bii. Sikanapangidwire zimenezo. Pa lenzi yanga ndimayambira cha pa 70mm kupita m'tsogolo. Ndipo ngati mtima wanu uli pa agulugufe, atombolombo kapena njuchi yathunthu pamodzi ndi duwa lake, tengani mng'ono wake, DCR-150, wa +4.8 diopter, amene amakulolani kuima pa masentimita pafupifupi 21.