Kuvotera munthu kapena kuvotera chipani, zabwino ndi ziti?

Anthu atopa nawo andale, ndiye funso nkumati tisinthe pati. Ine ndimayang'ana kaye kasankhidwe ka aphungu.

Njira yoyamba ndi ija ya phungu wa dera, wapeza mavoti ambiri ndi amene wawina basi, ngakhale wangoposa mnzake ndi voti imodzi. Ubwino wake mumamudziwa nkhope, akalonjeza mlatho osamanga mumadziwa woti mumufunse, chisankho chinacho nkumugwetsa. Koma mavoti a oluzawo amangopita padera. Ku Britain mu 2024 chipani cha Labour chinapeza pafupifupi 34% ya mavoti koma chinatenga mipando yoposa 400 mwa 650, ndiye mumuuza bwanji munthu kuti voti yake ili ndi ntchito?

Njira inayo mumavotera chipani, mipando nkugawidwa molingana ndi mavoti. Ku South Africa chaka chomwecho ANC inapeza pafupifupi 40%, mipando 159 mwa 400, mpaka inakakamizika kugwirizana ndi zipani zina. Chilungamo chilipo ndithu, koma apa mpamene pamandidetsa nkhawa, mndandanda wa maina amalemba ndi akuluakulu a chipani, ndiye phungu amaopa bwana wake kuposa ovota chifukwa akangotsutsa dzina lake litsitsidwa pansi, inu ovota mulibe ponena.

Ine ndikanakonda za ku New Zealand, kuyambira 1996 munthu amaponya mavoti awiri, ina ya phungu wa dera ina ya chipani. Komabe zipanizo zikakamizidwe kuulula amene amazipatsa ndalama, komanso mapulaimale aziyang'aniridwa ndi bungwe loima palokha.