Seti ya mbale za mzere wagolide: nyenyezi zitatu, ndipo imodzi ndi ya makapu

Patha miyezi isanu ndi itatu chigulireni seti imeneyi, ndiye ndikhoza kunenapo zanga. Ndinaigula m'sitolo ina ku Limbe, mwa zija zounjika katundu wakunja mpaka kudenga, nthawi yomwe tinkakonzekera kitchen top-up ya mng'ono wanga, imene inachitikira kunyumba kwathu. Ndi mbale zadothi zoyera mbee, zopyapyala, zokhala ndi kamzere kagolide m'mphepete. Bokosi limodzi limakhala ndi zinthu 16: mbale zazikulu zinayi, zazing'ono zinayi, timbale takuya tinayi ndi makapu anayi. Ine ndinatenga mabokosi awiri, chifukwa amene anawerengera anthu anayi ankaganizira banja lomwe mlendo safika asanaimbe foni. Kwathu alendo amangotulukira, ndipo apongozi akachokera ku Thyolo sabwera okha.

Mtengo sindiutchula. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wakunja ukauona lero, mwezi wamawa wasintha. Ndingoti bambo akunyumba ataona lisiti anangoti "chabwino" kamodzi, n'kukakhala pakhonde.

Kukongola ndiye n'zokongola, pamenepo palibe bodza. Tsiku la mwambolo amayi ankajambula tebulo asanakhale pansi, ndipo zithunzi zake zinayenda m'magulu a WhatsApp kwa mlungu wathunthu. Mukaikweza mbale padzuwa mumaona chithunzithunzi cha zala zanu kuseri, kusonyeza kuti ndi porcelain weniweni. Kutsuka sizivuta. Mafuta a chambo chokazinga amachoka ndi sopo pang'ono, tomato ndi curry sizisiya chikasu ngati mmene zimachitira pambale zapulasitiki, ndipo fungo la usipa silitsalira. Makapu ndi amene ndawakonda kwambiri: chogwirira chake n'chachikulu bwino moti zala zitatu zimalowa, ndipo mlomo wake ndi wopyapyala, tiyi amakoma.

Vuto linayamba Lamlungu lotsatira, pamene tinati tidyeremo chakudya chathu cha masiku onse.

Mbale yaikuluyo ndi ya masentimita 27, koma ndi yafulati ngati thireyi. Ilibe mphepete yokwera. Ya mpunga ndi nyama yokazinga, kapena tchipisi ndi saladi, imachita bwino. Koma ikani mtanda wa nsima mbali ino, nkhuku yalokolo ya msuzi mbali iyo, muone. Msuzi umayenda, kulowa pansi pa nsima, kuifewetsa, kenako n'kutsikira pansalu ya patebulo. Mwana akangoinyamula mopendeka pang'ono, wadzithira pamalaya. Za therere ndiye ndisanene. Ndinati chabwino, tibwerere kumene tinazolowera, nsima m'mbale yake, ndiwo m'mbale yake. Timbale takuya tija n'kupeza kuti anatipangira supu ndi phala la supuni: kukamwa n'kopapatiza, pansi n'pakuya. Ukafuna kusunsa mbamu, dzanja limakakamira pakhomo, zala zonse n'kutuluka zili msuzi okhaokha. Mutu wa chambo sulowamo n'komwe.

Apongozi analimbana nako kambale kaoko kwa kanthawi osalankhula. Kenako anasamba m'manja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Apongozi, kodi mbale zija zachitsulo munataya?" Ndinanyamuka mwamanyazi kukazitenga m'katoni momwe ndinazibisa, zija zoyera za mzere wabuluu, zosupuka m'mbali. Anadya mpaka kumaliza.

Mzere wagolide uja ndi nkhani ina. Tsiku lina ndinaika ndiwo zotsala m'kambale kamodzi n'kulowetsa mu microwave. Pasanathe masekondi asanu munayamba kuthetheka moto ngati wina akuwotcherera chitsulo, ndipo pamzerepo panatsala banga lakuda. Apa ndivomere, cholakwa n'changa: pansi pa bokosi panali kachizindikiro koletsa, koma ndani amawerenga pansi pa bokosi? Mzerewo ndi chitsulo ndithu, n'chifukwa chake umathetheka. Komanso amaupaka pamwamba, mbale itawotchedwa kale, ndiye sulowerera m'kati. Mtsikana amene amatithandiza ntchito anazolowera kukwecha chilichonse ndi steel wool, ndipo pofika mwezi wachitatu mbale zinayi zinali zitayamba kuyera m'mphepete, golide atatsala apa ndi apo. Tsopano timatsuka ndi siponji yofewa basi. Amene akufuna zogwiritsa ntchito tsiku lililonse, asankhe zoyera zopanda mzere, kapena zamaluwa omwe ali pansi pa chonyezimira chonga galasi chimene chimakuta mbale. Kuzindikira kwake n'kosavuta: yendetsani chala pamaluwapo, mukamva kuti atumphuka, ndiye kuti ali pamwamba ndipo adzafufutika.

Kulimba kwake n'kwapakatikati. Madzi akasiya kutuluka timatsukira m'beseni panja, ndipo mbale zikamagundana m'madzi zimabenthuka m'mphepete. Zitatu zabenthuka, imodzi inasweka, kapu imodzi inathothoka chogwirira. Nditabwerera kusitolo kuja kuti ndigule zolowa m'malo, anandiuza kuti sagulitsa imodziimodzi, komanso mtundu umenewo unatha, kwabwera wina wa mzere wakuda. Ichi muzifunsiratu musanalipire.

China chimene sindinachiganizire ndi kutentha. Mbale yopyapyala imazizira msanga. Mu Juni, chiperoni chikagwa muno mu Blantyre, nsima imauma pamwamba anthu asanamalize kupemphera. Ndinazindikira kusiyana kwake chifukwa cha mbale yovundikira ndi makapu awiri omwe tinagula ku Dedza Pottery tikuchokera ku Lilongwe, titapatuka pamsewu wa M1 kuti timwe tiyi. Malo amenewo anayamba mu 1987, ndipo zinthu zawo ndi za dothi lochindikala lotchedwa stoneware, lomwe limawotchedwa pamoto woposa madigiri 1,200. N'zolemera m'manja, zojambulidwa ndi manja, moti makapu awiriwo safanana ndendende. Nyemba zikalowa m'mbale imeneyo n'kuvundikira, wobwera mochedwa amazipeza zikadali zofunda. Ndikanadziwa, ndalama ya bokosi lachiwiri ija ndikanagulira mbale zakuya zamtundu umenewu, ngakhale zitakhala zochepa.

Tsiku lomwelo ku Limbe ndinatolanso tina ndi tina ta kukhitchini, poti maso akakhuta dzanja silimva. Masupuni ndi mafoloko a mtundu wagolide, oti afanane ndi mbale, anasuluka m'miyezi iwiri. Kumbuyo kwake kunalembedwa 18/0, ndipo ndinadzamva pambuyo pake tanthauzo la manambalawo: 18 ndi peresenti ya chromium, nambala yachiwiri ndi ya nickel. Olembedwa 18/10 ndi amene amapirira dzimbiri kwambiri ndipo amakhalitsa akunyezimira, ngakhale amakwera mtengo. Choyanikapo mbale chachitsulo chonyezimira chinachita dzimbiri m'malumikizidwe mvula itangoyamba, ndipo chimasiya madontho ofiira pambale zoyerazo. Thandala la nsungwi la kuseri kwa nyumba likugwirabe ntchito yake. Zovundulira za silicone n'zabwino pokazinga mazira m'pani yosamatirira, koma wina asakunamizeni kuti mungavundulire nsima. Zimapindika. Mthiko ndi chipande zamtengo zomwe ndinagula mumsika pamtengo wa sopo mmodzi ndi zomwe zili pamoto m'mawa ndi madzulo.

Chomwe sindidandaula nacho ngakhale pang'ono ndi mabakuli atatu osunga kutentha, achitsulo m'kati, pulasitiki kunja. Siokongola kwenikweni, ndipo ndinawagula monyinyirika. Koma magetsi akazima masana, ndimaphikiratu pambaula, nsima n'kuika m'bakuli, ana pochokera kusukulu amaipeza yotentha. Chivundikiro chake chimatseka mozungulitsa, sichitayitsa ngakhale munyamule kupita nacho kuchipatala kukaona wodwala.

Nyenyezi ndikupereka zitatu mwa zisanu. Ziwiri ndi za kukongola ndi kusavuta kutsuka, imodzi ndi ya makapu. Ngati kwanu mumadya mpunga ndi zokazinga kawirikawiri, kapena mukufuna zoika m'kabati yagalasi zoti zizituluka pa Khirisimasi ndi pachinkhoswe, mudzakondwa nazo. Ngati ndinu a nsima kawiri patsiku ngati ife, musanalipire pemphani atsegule bokosi, mulowetse chibakera m'kambale kakuyako ngati mukusunsa. Chikakakamira, siyani. Mbale yaikulunso muione cham'mbali, ikhale ndi mphepete yokwera yoti n'kuimitsa msuzi.

Panopa seti yagolideyi imatuluka amayi a kumpingo akabwera kudzamwa tiyi ndi zitumbuwa, kenako n'kubwerera m'kabati. Dzulo mng'ono wanga uja anaimba kuti, "Achemwali, mundibwerekeko mbale zija, akuchimuna akubwera Loweruka." Ndamuuza kuti adzatenge, koma aphike mpunga, steel wool aibise, ndipo pobweza tidzawerengera limodzi. Zilipo 30.