Ya ku Ulaya kapena ex-Jap? Yankho langa kwa ofuna galimoto mu Harare

Abale a kutchalitchi kwathu ku Highfield akhala akundifunsa: ndalama ndasonkhanitsazi ndigule galimoto ya ku Ulaya yogwirapo kale ntchito ku UK, kapena ex-Jap, ndiye kuti ka Toyota kaya ka Honda Fit kogwirapo kale ntchito ku Japan? Ena amafunsanso kuti bwanji makampani a ku Ulaya sakufulumira kubwerera kuno mwamphamvu monga kale. Mafunso awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Ndinene poyera kumene mtima wanga uli. Ndinakula ndikukwera Peugeot 404. Amene munali mu Harare m'ma 1980 mukukumbukira ma ET aja, matakisi okwera anthu ambiri, tikupanikizana kumbuyo maondo atagundana, galimoto ili phee pamsewu ngakhale yadzaza. Ma Peugeot ankalumikizidwa konkuno ku Mutare, kufakitale ya Quest, pomwe fakitale ya Willowvale mu Harare inkatulutsa ma Mazda. Makaniko aliyense ankaidziwa 404 ndi 504 mpaka kabawuti komaliza. Chikondi chimenecho sichinandichoke.

Pa kukhala bwino m'kati, ya ku Ulaya ndi patali: ulendo wodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza mumafika msana uli bwinobwino. Pa mafuta, Fit imapambana popanda mkangano. Chiwongolero zonse chili kumanja, palibe chokambapo.

Nkhani yagona pa masipeya, ndipo apa ndi pamene ndinalira. Ndinali ndi galimoto ina ya ku Ulaya, dzina lake ndilisunge. Tsiku lina pa msewu wa Simon Mazorodze inangoyatsa kanyali pa dashibodi, mphamvu n'kutha, n'kumayenda ngati ngolo. Makaniko wanga wa ku Gazaland mu Highfield, bambo wodziwa ntchito yake, anatsegula boneti, n'kupukusa mutu. "Achimwene, iyi imafuna kompyuta," anatero. Kuilumikiza kokha pa kompyutayo kunali ndi mtengo wake. Vuto linapezeka kuti ndi kachipangizo kamagetsi kokwana m'chikhatho. Ndinayenda Kaguvi Street yonse, msewu wa ogulitsa masipeya, shopu ndi shopu, anyamata akundithamangira ndi masipeya a Toyota m'manja, koma kangako palibe amene anali nako.

Tinaitanitsa ku Johannesburg. Wokagula anafuna yake, wa basi anafuna yake, pa chipata cha Beitbridge msonkho. Katafika, ndinamva zomwe wogulitsa galimoto sanandiuzepo: kachipangizoko sikagwira ntchito mpaka akalembetse mu kompyuta ya galimotoyo, ndipo odziwa kutero mu tauni muno ndi ochepa, mtengo amatchula okha, m'madola a ku America. Ndalama imeneyo ndi imene inandiwawa koposa, chifukwa sinalembedwe paliponse. Masabata onsewo galimoto inali pabwalo ikuchita fumbi, ine ndikukwera mushikashika (takisi yosavomerezeka), womwenso unali Honda Fit. Mnansi wanga wa Toyota Wish shoko itamuthera m'maenje a m'misewu yathuyi, anagula ina m'mawa, masana n'kukhala ali pamsewu.

Tsono apa ndi pamene mungamvetse kuchedwa kwa makampaniwa. Kubweretsa galimoto padoko n'kosavuta. Chodula ndi zonse zoyenda nayo: nyumba yosungira masipeya, amakaniko ophunzitsidwa, makompyuta a m'galaja, ndi lonjezo lokonza mwaulere ikawonongeka isanakwane nthawi. Walira mvula walira matope. Ngakhale ku America, komwe ogula ali ndi ndalama, Peugeot inachokako mu 1991, n'kudzalengeza kuti ibwerera pofika 2026, koma itaphatikizana ndi Fiat Chrysler kupanga Stellantis mu 2021, maganizowo anaikidwa pambali. Kampani yatsopanoyo inali kale ndi Jeep, Chrysler ndi Alfa Romeo kumeneko, ndiye kuyala ogulitsa atsopano m'dziko lalikulu chotero kukanangodya ndalama.

Nanga kuno? Wowerengera ndalama ali ku Paris amaona dziko lomwe linayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, n'kubwezeretsa dola yakeyake mu 2019, kenako ndalama yatsopano ya ZiG mu 2024. Amadzifunsa kuti akagulitsa lero, phindu lake alitulutsa bwanji, ndipo lidzakhala mu ndalama iti. Amaonanso kuti ambirife timagula zogwirapo kale ntchito ndi ndalama ya m'manja, pakuti ngongole ya galimoto yobweza zaka zingapo si ya munthu wamba. Boma linakhwimitsa malamulo mu 2021 pa galimoto zopitirira zaka 10, koma zimenezo sizinatisandutse ogula zatsopano. Tinangoyamba kusaka ex-Jap yocheperako zaka. Komanso petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, misewu ndi yomwe mukuidziwayi, ndiye wopereka lonjezo lokonza mwaulere ayenera kuwerengera zonsezo. Kampani ngati Volkswagen ili ndi fakitale ku Kariega ku South Africa komwe imapanga Polo. Kutumiza zochepa kudzera pa Beitbridge n'kokwanira kwa iyo, osavutika n'kumanga chilichonse kuno.

Ndiye ndikulangizani chiyani? Ngati galimotoyo ndi yokhayo pakhomo, yoperekera ana kusukulu ndi kukatenga katundu kumsika wa Mbare Musika, gulani Toyota kapena Honda. Ndikunena izi mtima ukuwawa, koma ndi zoona. Ngati mtima wakakamira ya ku Ulaya, Polo Vivo ya Volkswagen ndi imene ndingavomereze, chifukwa masipeya ake ali pafupi ndipo amakaniko ambiri anaizolowera. Zikuluzikulu za ku UK zodzaza ndi zamagetsi zisiyireni amene ali ndi galimoto yachiwiri.

Musanapereke ndalama, lembani papepala dzina la galimotoyo, chaka chake ndi nambala ya injini, mupite nalo pa Kaguvi. Funsani mtengo wa pampu ya mafuta, mashoko ndi masensa, ndipo muwauze akuonetseni zili pa shelefu. Akayamba kunena zoti aitanitsa, funsaninso kuti zikafika adzazilembetsa mu kompyuta ndani, ndipo pa ndalama zingati.