Ka PCV valve katsopano, patha miyezi inayi ndikukagwiritsa ntchito

Ndadikira dala miyezi inayi ndisanalembe, ndimafuna ndione kaye ngati oyilo asiyedi kuchucha, ndipo wasiyadi. Galimoto yanga imanyowa oyilo pa gasiketi ya pamwamba ija, ndinasinthitsa kawiri konse koma pakangotha masabata angapo yayambiranso, mpaka makaniko wina anangozula ka PCV valve, kachipangizo kochotsa utsi wotsekeredwa mu injini, nkukagwedeza pafupi ndi khutu langa, kali zii, pomwe kabwinobwino kamamveka kuti khochokhocho. Mkati munali mutadzaza zakuda zomata ngati phula.

Anthu ambiri sitikadziwa kachinthuka. Petulo akamaphulika mu silinda, mpweya wina umazemba mmbali mwa maring'i a pisitoni nkutsikira pansi komwe kumakhala oyilo, ndiye ukasowa potulukira umakankha oyilo kuti azitulukira mmagasiketi ndi mmasilu, komanso chinyezi chake chimaononga oyiloyo, nchifukwa chake nthawi zina mumapeza zoyererako kunsi kwa chivindikiro cha oyilo. Kale utsi umenewu umangotayidwa panja ndi paipi yoloza pansi, mpaka ku California, m'dziko la America, anayamba ndi magalimoto a 1961 kuubweza mu injini. Ka valve aka ndi kamene kamaulowetsa mu intake manifold, mapaipi olowetsa mpweya mmasilinda, kuti ukapsenso. Mkati muli kasipuling'i ndi kachitsulo koyenda, injini ikakhala pa sailensi imakoka mwamphamvu ndiye kamatsala pang'ono kutsekeka, mukaponda moto kamatsegula kwambiri chifukwa nthawi imeneyo utsi wozemba uja umachuluka. Mpweya wabwino umalowa ndi paipi ina yochokera ku air cleaner.

Katsopanoka kanalowa bwinobwino osakakamiza, mphindi khumi zokha tamanga. Oyilo sakutsikanso pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, ngati kale, ndipo ndikachotsa chivindikiro cha oyilo injini ikulira nkuikapo kapepala, kamakokedwa pang'ono mmalo mouluzika. Zimenezi zandisangalatsa kwambiri.

Chandikhumudwitsa nchakuti mu paketi munalibe rabala yake yokhazikapo ija. Yakale inali itauma gwaa moti inaphwanyika pochotsa, tinachita kutola tizidutswa ndi pulayazi mosamala kuti tisagwere mu injini, galimoto inagona tsiku lonse tikusaka ina. Ogulitsa muziika zonse pamodzi chonde. Ndipo inu mukamagula muonetsetse kuti nambala yake ikugwirizana ndi injini yanu, timaoneka tofanana koma mphamvu ya sipuling'i imasiyana, kolakwika kamapangitsa injini kumanjenjemera pa sailensi. Paipi yakenso muiyang'ane, yanga inali itang'ambika cha kunsi kosaoneka.