Njinga ya Phoenix yakale: mphatso yoyenera kuisunga, bola mudziwe pomwe imadwalira

Kuchigwa cha Shire kuno, kuchokera ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, mupeza njinga za Phoenix zomwe zikutchulidwabe ndi dzina la amene anazipereka: "njinga ya amalume", "njinga ya malemu bambo". Penti inasuluka kalekale, koma eni ake mukawauza zogulitsa amakana osaganizira kawiri. Akulondola ndithu.

Mphamvu ya njinga imeneyi ili mu felemu. Ndi yachitsulo, yolemera, ndipo ikathyoka wowotcherera wapamsika amailumikiza. Kulemerako kuno sikuvuta chifukwa malo ndi athyathyathya, pokhapokha mukafuna kukwera Thabwa. Matayala, tcheni, chishalo ndi mapedulo zimatha n'kusinthidwa kangapo, koma felemu ikakhala yomweyo mphatso ija ikadalipo. Musalole makaniko akunyengerereni kusinthanitsa felemu yakale ndi yatsopano yonyezimira.

Chimene chimapha njingazi ndi madzi. Mukawoloka nayo pamadzi osefukira, matope amalowa pakati pomwe pamazungulira mapedulo komanso m'mahabu, girisi n'kusanduka phala lamchenga. Musadikire kuti iyambe kulira. Masulani, tsukani ndi parafini, umitsani, pakani girisi watsopano. Muwerenge timipira tachitsulo musanabwezere: pakati pa mapedulo timakhala 11 mbali iliyonse, habu yakumbuyo 9, yakutsogolo 10 tocheperako. Kamodzi kakasweka sinthani tonse, chifukwa katsopano pakati pa takutha kamakanda kapu yomwe timipirato timazunguliramo. Musatsukirenso njinga madzi a mjigo wamchere, omwe ndi ambiri ku Chikwawa. Dzimbiri limayambira mkati mwa limu, momwe simuona.

Mu Okutobala dzuwa likafika poipa, musapope tayala mpaka gwa n'kuisiya njinga padzuwa. Mpweya umafufuma, zigamba zimamatuka. Minga nayo ndi yosasowa, choncho dulani chubu chakale muyale mkati mwa tayala la 28 x 1½.

Mbali yofooka ndi mabuleki. Ndi andodo zachitsulo, ndipo limu ikanyowa kapena ikapindika sagwira bwino. Ichi n'chokhumudwitsa pa njinga yonyamula matumba. Sipoko imodzi ikaduka ikani ina tsiku lomwelo, apo ayi zinzake zimatsatira. Keliyala yobwera nayo siipirira thumba la makilogalamu 50 tsiku ndi tsiku, ndiye owotcherera aiwonjezere zitsulo zochirikiza zofika pa ekiselo.

Pedulo ikamagwedera pa kupalasa kulikonse, ndiye kuti kotapini, kachitsulo komangira mkono wa pedulo, yadyeka. Osamanga nati mwamphamvu poganiza kuti ikoka, mudula mazinga. Menyani kotapini yatsopano ndi hamala mutachirikiza kunsi, nati ibwere pambuyo. Ndipo pedulo yakumanzere imamasukira mbali yosemphana ndi inzake.

Popentanso, kabaji kakutsogolo ndi nambala ya felemu muziphimbe ndi tepi kuti zisafufutike. Nambalayo ilembeni m'kope, idzakuthandizani kupolisi njinga ikadzabedwa.